Makapu a ba Mwale

Sabata yatha chinakwana chaka chiwaikire ba Mwale m'manda. Panalibe mwambo. Inenso ndikanaiwala, koma mvula yoyamba inagwa Lachitatu, ndipo m'mawa mwake chikumbu chakuda chinadutsa njira ya kuchitsime chikuthamanga. Ndinapezeka nditaima, chidebe m'manja, ndikuwerenga madontho oyera a pamsana pake. Kenaka ndinacheuka kuti ndione ngati wina wandiona. Kuno kwathu ku Chinyunyu, munthu akawerama nthawi yaitali kuyang'ana pansi, anthu amayamba kufunsana.

Ba Mwale sanali a kuno. Kwawo kunali cha ku Petauke. Anagwira ntchito zaka zambiri pafupi ndi Lusaka, kumalo kumene amafufuza za tizilombo ta m'minda. Sanali bwana. Ankanyamula maukonde, kugwira tizilombo, kutibaya pa mapini ndi kulemba timapepala. Atapuma ntchito anabwera kudzakhala kwawo kwa akazi awo, ba Esinati. Ana analibe. Ba Esinati atamwalira, iwo anatsalabe m'nyumba yomweyo, pa munda wa achibale a mkazi. Mkamwini wotere amakhala chifukwa eni ake sananene kanthu. Tsiku limene anena, amamanga katundu. Iwo ankadziwa zimenezi, ifenso tinkadziwa. Ndipo manda a ba Esinati ali kuno.

Anthu ankawakayikira, koma iwonso ankakayikira anthu, ndipo sindidziwa amene anayamba. Ukawauza kuti basi ya ku Lusaka yadutsa kale, ankafunsa ngati waiona ndi maso kapena wangomva kulira kwake. Mbewu ya m'paketi ankayamba aithira m'dzanja ndi kuiluma. Akapita kuchipatala ku Mpanshya, ankawerenga pepala la m'kabokosi ka mankhwala mpaka kumapeto ataima pawindo, mzere wonse ukudikira. Sanali munthu wophweka kucheza naye. Tiyi wawo ndinamwa kambiri, koma nkhani ya makapu isanachitike, sindikumbukira tsiku limene anavomereza chimene ndanena osafunsa kumene ndachitenga.

Mtima wawo wonse unali pa zikumbu. Osati zikumbu zonse. Ukawasonyeza chokunkhuniza ndowe kapena nankafumbwe wa m'nkhokwe, ankakuyang'ana ngati wawabweretsera bakha iwo atatuma nkhuku. Zawo zinali zija zothamanga pansi, za miyendo yaitali ndi mano akuthwa, zimene zimabisala pansi pa miyala ndi zipika, n'kumasaka mbozi ndi chiswe. Chachikulu mwa izo tonse timachidziwa, chija chakuda cha madontho oyera chimene chimakuthira madzi oyabwa m'maso ukachiputa. Ife tinkaganiza kuti ndi chimodzi chomwecho, chachikulu ndi ana ake. Iwo ankati tating'onoto si ana, ndi mitundu ina, ndipo chikumbu chikangokhala ndi chigoba sichikulanso.

Ankazisiyanitsa ndi kagalasi kokulitsa kamene ankakoloweka m'khosi ndi chingwe cha nsapato. Ankawerenga mizere ya pamsana. Ankayang'ana khosi, ngati ndi lotambalala kapena lowonda kumbuyo, ngati m'mbali mwake muli tsitsi. Ankatukula chigoba ndi munga kuti aone ngati mkati muli mapiko. Anali ndi buku lachingerezi lakale, lothothoka chikuto, limene linkafunsa mafunso awiriawiri: ngati chili chotere pita tsamba lakuti, ngati ayi pita lakuti. Ankatsata mafunsowo ndi chala mpaka dzina litatuluka. Likatuluka, ankabwerezanso kuyambira pachiyambi, chifukwa bukulonso sankalikhulupirira.

Nthawi zina munthu ankawabweretsera chikumbu m'kabokosi ka machesi, mwina pofuna kuwaseka. Funso linali limodzi nthawi zonse: munachipeza kuti? Pansi pa mwala kapena pa chipika? Pamthunzi? Dothi lake lotani? Munthu akangozengereza, iwo ankatsegula kabokosiko n'kuchitaya kutchire. Ankati chikumbu chosadziwika kwawo chili ngati kalata yopanda keyala.

Anakanganapo ndi mlangizi wina wa zaulimi, mnyamata wochokera ku Lusaka, amene anatiuza kuti tipopere mankhwala mpaka m'malire mwa munda. Ba Mwale anaimirira pamsonkhano n'kumufunsa ngati akudziwa chimene chimadya mbozi zogwa pansi. Mnyamatayo anayankha mwaulemu, iwo sanakhutire, ndipo anam'tsatira mpaka pa njinga yake yamoto atanyamula bokosi la zikumbu. Anthu anaseka. Ena sanaseke. Anafunsa chifukwa chimene mkuluyu akuikira kumbuyo tizilombo.

Mabokosi awo a zikumbu anali atatu, a matabwa a mukwa, okhala ndi galasi pamwamba. Kumpoto kwa mudzi wathu kuli phiri limene timalitcha Mwalawoyera, ndipo iwo analigawa patatu. Bokosi loyamba linali la zikumbu za kudambo ndi m'minda ya m'munsi. Lachiwiri linali la m'nkhalango ya pakati, kufika pamene masuku amalekezera. Lachitatu linali la pamwamba penipeni, pa miyala yoyera. Chikumbu chilichonse chinali pa pini yake, pansi pake timapepala tiwiri: kena ka malo ndi tsiku, kena ka dzina. M'makona ankaikamo timibulu toyera tonunkha, tija tothamangitsa njenjete m'zovala, ndipo fungo lake linali m'malaya awo onse.

M'bokosi lachitatu, kumapeto kwa mzere wa pansi, munali kachikumbu kotalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kakuda kowala mobiriwira ukakatembenuzira kudzuwa. Kapepala kake ka dzina kanali kosalembedwa. Buku lija linkawafikitsa pa dzina lina, koma chithunzi chake sichinkagwirizana: khosi linali lowonda kwambiri, mizere yozama kwambiri. Ankaganiza kuti mwina palibe amene anakalembapo. Ndinawauza kangapo kuti akatumize ku Lusaka kwa odziwa. Anakana. Ankati anaona kale zikumbu zimene anagwira ndi manja awo zitatuluka m'mabuku, dzina la wogwira mulibe, ndipo malo atalembedwa molakwika. Za dzina lawo ankati zilibe kanthu. Koma malo olakwika sankawakhululukira.

Anakwera phirilo komaliza zaka zitatu asanamwalire, mawondo atayamba kale kukana. Panthawiyo pamwamba panali podzaza anthu okumba golide, ena ochokera kutali, misasa ya mapulasitiki, miyala yonse itagubuduzidwa ndi kuphwanyidwa. Anatsika madzulo thumba lili lopanda kanthu. Ndinawapeza pakhonde akuvula nsapato. Anangoti achedwa. Sanatchulenso za kachikumbuko.

Koma ndadumpha. Nkhani yeniyeni ndi ya makapu, ndipo inachitika okumbawo asanaonekere.

Zikumbu zimenezi zimayenda anthu akagona, ndipo zimathamanga, choncho sungazigwire zambiri ndi manja. Ba Mwale ankakwirira makapu a pulasitiki m'nthaka, mlomo wa kapu utalingana ndi dothi. Mkati ankathiramo madzi amchere pang'ono ndi dontho la sopo, pamwamba n'kuika mwala wafulati wokhazikidwa pa timiyala titatu kuti mvula isalowe. Chikumbu chikamathamanga chinkagweramo. M'mawa uliwonse ankazungulira makapu awo, kuyambira kudambo mpaka pamwamba, ndi kabuku m'thumba. Ana ankawatcha ba Makapu.

Munthu wa kumalo ena akhoza kuona kapu chabe. Ife tinkaona chinthu chokwiriridwa m'malire mwa munda, chamchere, chovundikiridwa ndi mwala, chimene mwini wake amachiyendera mbandakucha ali yekha. Aliyense wa kuno anamvapo za mankhwala okokera chimanga cha mnzako kuti chikalowe m'nkhokwe yako, ndipo amati amakwiriridwa momwemo. Ba Esinati ali moyo palibe amene ankalankhula mokweza. Atapita, manong'onong'o anakula. Ndisabise: inenso ndikapeza kapu yawo m'njira ndinkailambalala.

Kenaka kunabwera chaka cha mvula yochepa ndi mbozi zambiri. Minda yambiri inapereka zochepa. Kamunda ka ba Mwale kanachita bwino. Anabzala msanga, ankatola mbozi ndi manja, ndipo mapesi sankatentha. Zimenezi tonse tinaziona, koma chaka cha njala maso amakumbukira zina.

Linali Lachinayi. Mapemphero a mphakati wathu anali atangotha pabwalo pa amai Njobvu, amene ankatitsogolera. Ine ndinali mlembi, ndipo ba Mwale analiponso. Kunafika Lazalo, mwana wa mng'ono wawo wa ba Esinati, amene munda wake unachita malire ndi wa ba Mwale. Lazalo sankabwera kumapemphero. Tsikulo anabwera atanyamula kapu yobiriwira yokulungidwa m'nsanza, ataitalikitsa ndi thupi lake ngati ili ndi njoka. Anaikhazika pakati pa bwalo.

"Ba mai, ndabwera ndi mlandu," anatero kwa amai Njobvu. "Ichi ndachifukula pakati pa munda wanga. Mudala uyu atiuze chimene chikufuna m'chimanga changa."

Kuyambira ali mwana, Lazalo ankawatcha ba Mwale kuti atate. Tsikulo anati mudala.

Ba Mwale anadzuka pampando pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kapuyo osaikhudza.

"Ndi yanga," anatero. Azimayi anang'ung'udza. Iwo anatembenukira kwa Lazalo. "Waipeza kuti?"

"Ndanena kale. M'munda mwanga."

"Mbali iti?"

"Pafupi ndi chulu."

"Liti?"

"M'mawa uno."

"Inali ndi mwala pamwamba?"

"Aa, mudala! Manje ndine amene ndili pa mlandu?"

Anthu anaseka. Ba Mwale anapempha mbale yoyera. Amai Njobvu anazengereza, kenaka anauza mpongozi wawo kuti, "Tenga ija ya nkhuku. Ya anthu ayi."

Anathira za m'kapu m'mbalemo, n'kugwada, ndi kuyamba kuzisanja ndi kaudzu. Munali zikumbu zisanu. Ziwiri anazikankhira pambali, akuti zimenezo zimapezeka paliponse. Zitatu zotsalazo anaziika pamzere. Zinali zakuda zowala mobiriwira. Ndinazizindikira: zinali za mtundu wopanda dzina uja.

"Amai, bwerani muone ndi galasi."

"Ndikuona ndili konkuno, atate."

"Chabwino. Aka kalibe mapiko. Chigoba chake n'chomatana, sichitseguka. Sikauluka. Kamakhala pansi pa miyala yoyera pamwamba pa phiri, ndipo zaka zonse zimene ndakhala kuno sindinakapezepo m'munsi mwa masuku. Onaninso timchenga iti. N'toyera. Dothi la munda wa Lazalo n'lofiira." Anadzutsa mutu. "Mwana wanga, kuti tizikumbu iti tifike pa chulu chako, tabwera ndi munthu wa miyendo iwiri. Kapu iyi yazulidwa pamwamba, pafupi ndi mwala wong'ambika. Dzenje lake likadalipo. Tiyeni tikwere tonse tikaone. Dzuwa likadalipo."

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma Lazalo anawomba m'manja kamodzi.

"Mwamva nokha! Akudziwa ndi kumene kachilombo kanagona. Munthu wamba angadziwe zimenezo? Manje akufuna atitengere kuphiri kwake, tikalowe mmodzimmodzi m'makapu."

Ena anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwabwino. Mayi wina anati iye kumeneko sapita ngakhale am'nyamule. Ndinayang'ana amuna. Atatu mwa iwo, amene nthawi zonse amakonda kulankhula pamilandu, anali kuyang'ana zala za kumapazi. Mmodzi anati kwada kale. Sikunali kutada.

Amai Njobvu sanali munthu woipa. Ankafuna mtendere, ndipo ankadziwa kuti nkhaniyi ikatuluka pabwalo pawo ikafika kwa achibale a ba Esinati.

"Atate, ife sitikunena kuti ndinu mfiti," anatero. "Koma anthu akuopa. Makapu onse achoke, a m'munsi ndi a pamwamba omwe. Akapezekanso, ine sinditha kukutchinjirizani kwa eni mudzi."

Aliyense anamva tanthauzo lake. Makapu kapena nyumba, ndi manda a mkazi wawo.

Ba Mwale anatola zikumbu zitatu zija n'kuzikulunga m'kansalu. Kenaka anandiyang'ana.

"A Mlembi, mwalemba kuti ndapempha kukwera phiri, anthu akana?"

"Ndikulemba, ba Mwale."

M'buku la mphakati ndinalemba kuti nkhani ya makapu yatha mwamtendere.

M'mawa mwake anazula onse. Anawatsuka n'kuwasanjikiza pakhonde, pamene aliyense wodutsa akanatha kuwawerenga. Kuyambira pamenepo ankasaka ndi manja, kutembenuza mwala umodziumodzi ndi kuubwezera mmene unalili. Sanachotsedwe m'mudzi. Koma anthu anasiya kudzapala moto kunyumba kwawo, ndipo pamaliro ankakhala pa benchi yawoyawo.

Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinakwera Mwalawoyera ndekha. Sindinauze munthu. Mwala wong'ambika ndinaupeza. Patsinde pake panali kadzenje kozungulira bwinobwino, kolingana ndi kapu, timiyala titatu tili m'mbali mwake. Kuseri kwa mwalawo, mapazi khumi okha kuchokera pamenepo, kunali dzenje lina lofika m'chifuwa, lovundikiridwa ndi nthambi. Munali matumba a miyala yoyera yophwanyidwa ndi mafosholo awiri. Munthu sindinamuone. Mafosholo amafanana. Sindinganene kuti anali a uje.

Pobwerera, njira inandidutsitsa pakhomo pa ba Mwale. Anali pakhonde. Sanandiyang'ane kumaso, anayang'ana m'munsi mwa buluku langa, mmene munakakamira njere za udzu.

"Mwakwera, a Mlembi."

"Ndinapita kukaona nkhuni."

"Nkhuni zake zili kuti?"

Ndinakhala pansi.

"Maenje mwaona angati?" anafunsa.

"Awiri."

"Eya. Awiri."

"Ndiye munkadziwa? Nanga bwanji simunanene pabwalo paja?"

Anapukuta kagalasi kawo ndi malaya. "Ndikanena ine, ndi mkamwini wansanje akuneneza mwana wa eni ake. Akaona okha, ndi dzenje." Anabwezera kagalasiko pachifuwa. "Mulemba?"

Ndinati ndiona.

Sindinalembe. Mmodzi mwa amuna atatu aja amene anayang'ana zala za kumapazi ndi mlamu wanga, ndipo chaka chimenecho ana ake ankagona ndi maungu. Ichi si chifukwa chokwanira, koma ndi chimene ndinali nacho. Ba Mwale sanandifunsenso. Anapitiriza kundipatsa tiyi. Koma kuyambira tsikulo, ndikanena kanthu, sankafunsanso kumene ndakatenga. Ankangogwedeza mutu. Ndinkalakalaka atafunsa.

Kukumba kutaonekera poyera ndipo alendo atadzaza phiri, nkhani inatembenuka. Anthu omwe aja anayamba kunena kuti makapu a ba Mwale sanali a ufiti, anali zizindikiro za pamene pali golide, ndipo kabuku kawo anakagulitsa kwa anthu a ku Lusaka. Zoona, galimoto yoyera inaimapo pakhomo pawo kamodzi, amuna awiri analowa ndipo sanachedwe kutuluka. Nditawafunsa anati alendowo anafunsa za miyala, iwo anawasonyeza zikumbu, basi. Ndikukhulupirira kuti zinali choncho. Sindinalipo. Kabukuko sikanapezeke pa maliro, ndipo amene anakatenga sindim'dziwa. Iwo akanakhalapo akanandiletsa kulemba chimene sindinaone, choncho ndilekera pamenepa.

Anamwalira kuchipatala, atadwala chifuwa milungu iwiri. Tinawaika pafupi ndi ba Esinati. Chimenecho chokha anachisunga, ndipo mtengo wake anaudziwa. Lazalo ananyamula nawo bokosi la maliro.

Mawu aja akuti nkhani yatha mwamtendere akadali m'buku la mphakati. Sindingawafute, chifukwa tsamba lake linasainidwa. Izi ndalemba kuti zikhale pambali pake.

Lachisanu ndinapita kunyumba kwawo. Munda ukulimidwa ndi Lazalo, koma m'nyumbamo simunalowe munthu. Chitseko chinachotsedwa, mipando inagawidwa, malata awiri a kumbuyo kulibe. Makapu akadali pakhonde mmene anawasiyira. Dzuwa lawayeretsa, ndipo ya pamwamba yadzaza madzi a mvula. Mabokosi atatu aja ali pa thandala m'chipinda. Palibe amene anafuna kuwatenga, ndipo palibe amene analimba mtima kuwatentha, poopa utsi wake.

Ndinapukuta fumbi pa galasi ndi dzanja. Timibulu toyera tija tinatha kalekale, fungo lake kulibe, ndipo tizilombo tina tating'ono tinalowa. Mapini aima m'mizere yake, owongoka, koma pansi pa iliyonse pali kamulu ka ufa wofiirira, apa mwendo, apo chidutswa cha chigoba. Timapepala tokha n'tamoyo. Kudambo, pansi pa chipika. Kumasuku, pamthunzi. Zilembo zawo zazing'ono zikuwerengeka bwinobwino.

M'bokosi lachitatu, kumapeto kwa mzere wa pansi, pini ilibe kanthu. Kapepala koyamba kakuti: Mwalawoyera, pamwamba, patsinde pa mwala wong'ambika. Mwalawo unaphwanyidwa kale. Kapepala kachiwiri n'koyera.